Waganyu wa Manja Opanda Kanthu

"Onani nokha, mayi a Kanyoni," anatero injiniya watsopano uja anzake ankamutcha Chimagalasi. "Nyali zisanu ndi ziwiri zikuphethira. Yomalizayi ili ziii, ngati mlonda wokhuta."

Mayi a Kanyoni anaika pansi chitsulo chowotcherera. Bolodi ya zamagetsi imene inali patebulopo ankaidziwa ngati msana wa mwana wawo. Waya aliyense anawotcherera ndi iwo, ngakhale timaswichi tija amuna awo anawauza kuti aike m'mphepete osanena chifukwa.

M'kati mwa purosesa, ubongo wa bolodiyo, munali tizigawo tisanu ndi titatu togwira ntchito nthawi imodzi, kalikonse ndi nyali yake. Amuna awo ankatitcha aganyu. Zaka zitatu anathera pa kachipangizo kogawira aganyuwo ntchito mofulumira, kuti pulogalamu isamataye nthawi n'kugawa yokha. Ankakatcha kapitawo. Anamwalira miyezi inayi yapitayo asanakaonetse kwa anthu, ndipo jekete yawo inali ikadali pampando wa pawindo. Palibe ankaukhalira.

"Malemu anali katswiri, sindikana," anapitiriza Chimagalasi. "Koma kapitawo wawoyu ndi wakhungu. Walemba anthu asanu ndi atatu, wina n'kumangokanda pamimba? Abwana ati tifufute, tiikemo wanga alendo asanafike mawa. Lumikizani chingwe."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene."

"Nkhono yake yadekha miyezi inayi, mlongo wanga."

Mayi a Kanyoni anatola chingwe. Akachilumikiza, zaka zitatu zija zitha pa mphindi imodzi. Anayang'ana kanyali kozimako monga ankayang'anira chifuwa cha Kanyoni akagona, kudikira kuti chikwere.

Ali chiyang'anire, anakumbukira masitepe a kunyumba. Iwo patsogolo, mwana kumsana, zikwama m'manja monsemo. Amuna awo pambuyo, manja lendelende.

"Bambo a Kanyoni, simuchita manyazi? Anthu aziti ndinakwatiwa ndi mfumu!"

"Alekeni anene. Tonse tikanyamula, mukaterereka mwana amuwakha ndani?"

Anasiya chingwe chija. Anatambasula chala, n'kuthimitsa kaswichi kachitatu.

"Mukutani? Muononga mayeso!"

Nyali yachitatu inazima. Asanaphethire n'komwe, yomaliza ija inayaka. Manambala a pa kompyuta anapitiriza kutsika, osadumpha mzere ngakhale umodzi.

Mayi a Kanyoni anatembenukira kumpando wa pawindo. Panali jekete yokha, mkono umodzi ukugwedezeka ndi mphepo ya fani.

Chimagalasi anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Anabweza kaswichi kaja, yomaliza inazima. Anathimitsa kachisanu, inayakanso.

"Ndiye kuti ameneyu sagona," anatero chapansipansi. "Amadikira wogwa. Nanga osalemba penapake bwanji?"

"Sankalemba. Ankangotsatira pambuyo."

Chimagalasi anapinda chingwe chija bwinobwino, n'kuchiponya m'dirowa.

"Abwana ndikalankhula nawo ndine. Koma mawa swichi mukathimitse ndinu pamaso pa alendo."

Ataweruka, mayi a Kanyoni anakatenga mwana kwa apongozi. Atafika pa masitepe a kunyumba anaima, mwana kumsana, zikwama m'manja. Anamvetsera. Pambuyo panalibe mapazi.

Anatula zikwama zonse pansi pa masitepe, nakwera pang'onopang'ono, dzanja lina pakhoma, lina litachirikiza mwana. Katunduyo anachita kudzamutenga ulendo wachiwiri.