Rimoti m'Manja mwa Zipora

Tepi ya chinkhoswe cha Dyna inafika kunyumba kwa Zipora ku Kawale Lachisanu masana, itakulungidwa m'jumbo. Rabson, yemwe ankajambula maukwati ndi kamera yake yapaphewa, anaipereka pakhomo. Anati zithunzi zatuluka bwino, koma mawu ndi amene akufuna munthu wokhala tcheru ndi rimoti: nyimbo zikayamba muzitsitsa, anthu akamalankhula muzikweza. Ponena zimenezi ankayang'ana pansi, kukamwa kukumuyabwa ndi kuseka.

Zipora anali mayi aang'ono a Dyna, ndipo ndi amene anamulera chimwalirireni mayi ake. Anatseka chitseko n'kuika tepiyo m'deki kuti aionere yekha. Zinalidi monga ananenera Rabson. Zimasipika za pachinkhoswe zikalira, galasi la kabati linkanjenjemera. Ankhoswe akatsegula pakamwa, mawu ankamveka ngati munthu akulankhulira m'chitsime. Atafika pamene mbali ziwiri zimasinthana nkhuku, Zipora anakweza kuti amve bwino. Ankhoswe akuchimuna anatukula tambala wawo m'mwamba, ndipo pomwepo panamveka mawu a mzimayi, oyera bwino kuposa mawu ena onse m'tepi monsemo.

"Tambala wowonda chonchi, kodi wabwera wapansi kuchokera ku Mulanje? Ndi miyendo yomwe watengera mwini wake."

Anali mawu ake. Tsiku lija Rabson anaima kumbuyo kwake, kamera ili pafupi ndi khutu lake, iye akunong'oneza mnzake wa kwaya. Ndipo mwini tambalayo anali amake Amos, apongozi a Dyna, mayi wamtali wowonda amene anachoka ku Mulanje kalekale kudzakhala ku Area 23.

Zipora anazimitsa kanema. Lamlungu likubweralo mabanja onse awiri anali atapangana kukaonera tepiyo limodzi kwa amake Amos. Ukwati unali usanachitike. Mawu amenewa akamveka pagulu, woyamba kulawa ululu wake adzakhala Dyna, mwana wofatsa amene anayenera kukalowa m'banja limenelo. Anaganiza zonena kuti tepi yatafunidwa ndi deki, koma bodza linamulemera, poti Lamlungu lomwelo kunali mgonero. Anapempha Mulungu amukhululukire lilime, kenaka anabwezera tepi m'mbuyo kanayi konse mpaka analoweza malowo: tambala akangokwezedwa, awerenge mpaka zitatu, atsitse.

Lamlungu ataweruka kutchalitchi, anthu anadzaza pabalaza pa amake Amos. Akuluakulu anakhala pamipando, ena pamkeka, ena anasuzumira pawindo. Amake Amos anatenga pilo wawo n'kuika pampando wa Zipora, ati paja msana umamuvuta. Zipora anathokoza mutu uli pansi. Asanaike n'komwe tepi, iye anali atatola kale rimoti patebulo, akunena kuti Rabson anamulangiza kagwiridwe kake.

Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse. Nyimbo ikati iyambe, chala chinali chitatsika kale. Wolengeza akatenga maikolofoni, chinkakwera. Timizere tobiriwira tinkatalika n'kufupika pansi pa kanemayo, ndipo palibe amene anagwira khutu kapena kufunsa kuti anena chiyani pamenepo. Amalume ake a Amos anayamikira, ati mayiwa akanalembedwa ntchito kunyumba youlutsira mawu. Anthu anaseka, Zipora naye anaseka pang'ono, diso lili pa kanema. Anali akukonza njira, kuti akadzatsitsa pa nkhuku paja anthu aganize kuti chala changoterereka.

Malichero ndi mipeni zitayamba kuoneka, anadziwa kuti nkhuku zili pafupi. Pamenepo amake Amos anatambasula dzanja lawo lalitali lija.

"Asewere, mwatopa. Bweretsani kuno, inunso muonereko bwino mwana wanu."

Zipora anati sanatope. Amake Amos anati mlendo sagwira ntchito mpaka mapeto, ndipo dzanja linakhalabe lotambasula. Anthu onse anali kuyang'ana. Rimoti inachoka m'manja mwake yonyowa ndi thukuta.

Amake Amos anaiyang'anitsitsa ngati chinthu chachilendo, anafunsa Amos batani lokwezera, n'kulidina. Timizere tija tinayenda mpaka kumapeto. Anati apa ndiye pamutu pa mwambo, aliyense amve. Dyna anali pamkeka pafupi ndi mapazi a apongozi akewo, akumwetulira mwamanyazi, osadziwa kanthu. Zipora anatseka maso. Pemphero lake linali lalifupi: Ambuye, magetsi amazima tsiku lililonse, lero alekeranji?

Magetsi sanazime. Tambala anakwezedwa. Zipora anawerenga mumtima, imodzi, ziwiri.

Asanafike pa zitatu, amake Amos anadzuka n'kuimba nthungululu. Inali yaitali, yakuthwa, yosayembekezeka m'chifuwa chopyapyala chotero. Amayi a pamkeka anailandira, a pawindo nawo anaipokerera, wina anayambitsa nyimbo ya ukwati, ndipo nyumba yonse inasokosera. Pansi pa phokosolo Zipora anamva mawu ake akudutsa ngati khoswe pansi pa mphasa. Phokoso litatha, kanema anali akuonetsa kale ankhoswe akuchikazi akupereka msoti. Amake Amos anakhala pansi akupuma mwabefu, n'kumubwezera rimoti. Ati zinthu zamakonozi iwo sazitha.

Tepi itatha, Zipora anapita kuseri kwa nyumba kukathandiza kutsuka makapu. Amake Amos anamupeza ali yekha pampopi. Anatola kapu imodzi n'kuyamba kuipukuta, maso ali kumpanda.

"Ifenso Rabson anatipatsa yathu. Lachitatu."

Zipora anasiya kapu m'beseni n'kuyamba kugwada pamatope pomwepo, koma amake Amos anamugwira pamkono.

"Dzukani, ana angaone. Dyna alibe mlandu, ndi mwana wanga ameneyo. Ndipo tambala uja analidi wowonda, ndinawauza bambo ake a Amos kuti agule wina, anakana. Za miyendozo ndiye tidzakambirana tsiku lina."

Zipora anadzuka. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Amake Amos anaika kapu m'lichero n'kutola ina.

"Koma pali kanthu kamodzi, asewere. Tepi yathu ija tikupita nayo ku Mulanje Loweruka, abale akaone. Ine pakhosi pandiwawa kale, sindingakuwenso kawiri. Ndiye mupita nafe, basi imanyamuka mamawa. Mudzatenge ndi mabatire atsopano, rimoti ya kumeneko imavuta."