Apongozi Akwecha Mfuti

Mishek anamva fungo la mandimu ndi sopo ali pamasitepe. Atatsegula chitseko cha fulati yawo ku Ilford, mumzinda wa London, anapeza apongozi ake, mayi Etta, atakhala pansi pabalaza, miyendo atatambalitsa, nyuzipepala atayala. Pakhoma, pamene ankapachika mfuti zake ziwiri, panali misomali yokha.

Mfutizo zinali za ku America, zopangidwa zaka zoposa zana zapitazo m'timafakitale tomwe tinatsekedwa kalekale. Zipolopolo zake anasiya kupanga, n'chifukwa chake lamulo linkamulola kuzisunga ngati zokongoletsa. Mishek anakulira pafamu ya mzungu kufupi ndi tauni ya Chegutu ku Zimbabwe, komwe bambo ake ankapukuta mfuti za abwana osaloledwa kuwombako n'kamodzi komwe. Iye atayamba kuyendetsa basi ku London, anasakasaka zaka zisanu kuti apeze ziwirizi.

Imodzi, yopangidwa ndi kampani ya Bullard, mayi Etta anali ataikwecha kale. Chitsulo chake, chomwe chinali chofiirira ngati fodya wouma, tsopano chinkanyezimira ngati mpeni watsopano, ndipo zilembo za wopanga zinali zitafafanizika theka. Mtundu woterowo umabwera ndi zaka, ukachoka subwereranso. Inayo, ya kampani ya Evans, yosowa kwambiri, yomwe zipolopolo zimalowera kutako kwake, inali pamiyendo pa mayiwo. M'dzanja anali ndi kawaya kokwechera mapoto.

Kuyambira tsiku limene mayi Etta anabwera kuchokera ku Zimbabwe, miyezi iwiri yapitayo, awiriwa anali asanayang'anane m'maso. Mkamwini ndi apongozi amathawana. Mawu onse ankadzera kwa Fadzai, mkazi wa Mishek. Koma Fadzai anali pa shifiti kuchipatala ku Edmonton, dera lina la London, mpaka madzulo.

Mishek anaima pakhomo, nkhope atalozetsa kukhitchini.

"Wina akanauza amayi kuti zimenezo sizitsukidwa."

Mayi Etta anayankha akuyang'ana zenera. "Wina akanauza bambo a m'nyumba muno kuti Lamlungu kukubwera amayi a mvano. Aone dzimbiri pakhoma, anene kuti mwana wanga ndi waumve?"

"Si dzimbiri limenelo. Ndi ukalamba wake."

"Inenso ndine wokalamba, koma ndimasamba."

Anaviika kawaya m'mbale ya madzi a mandimu. Mishek anaimbira Fadzai foni, koma inali yozima.

"Amayi akanangodikira mwana wawo abwere."

"Mwana wanga amabwera atatopa ndi kusambitsa odwala. Abwerenso kudzasambitsa zidole za mwamuna wamkulumkulu? Anzawo akumanga nyumba kwathu, ena akutolera zitsulo za azungu akufa."

Madzi anadonthera pachitsulo cha Evans. Kawaya kanatsika.

Mishek sanadziwe kuti wadutsa bwanji pabalaza ponsepo. Anangozindikira atagwada, dzanja lake litagwira mkono wa apongozi ake, pamwamba pa chibangili. Unali wowonda kuposa mmene ankaganizira. Kwa nthawi yoyamba anaona kuti diso lawo lamanzere linali ndi ng'ala.

"Siyani," anatero. "Ndati siyani, inuyo."

Kawaya kanagwera panyuzipepala. Mishek anasolola mfutiyo, n'kupukuta madziwo ndi malaya ake a yunifolomu. Panali kamzere kamodzi kokha kowala, kotalika ngati chikhadabo.

Mayi Etta anayang'ana mkono wawo nthawi yaitali. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, osagwira mpando, n'kulowa kuchipinda. Kunamveka zipi ya chikwama. Anatuluka atavala juzi ndi mpango wa kutchalitchi, akukoka chikwama chawo, nakakhala pachikwamacho panja pa chitseko, pakhonde lozizira pomwe anthu a m'mafulati ena amadutsa.

"M'nyumba ya munthu wondigwira sindimwamo ngakhale madzi," anauza khoma. "Fadzai akabwera asankhe yekha kuti agona mbali iti ya chitsekochi."

Mishek anatenga kabotolo ka mafuta n'kudonthezera pakamzere kaja. Chitseko anachisiya chotsegula, koma sanatuluke.