Misondodzi Yapita ku Tchalitchi

Mtsinje wa Daugava ukayamba kubuula kumapeto kwa nyengo yachisanu, Donats ankasowa mtendere. Nyumba yake inali kufupi ndi madzi kuposa ya wina aliyense m'mudzimo, ndipo chaka ndi chaka ayezi, madzi oundana a pamtsinjewo, akasweka ankanyotsola gombe n'kupita nalo. Munda wa kabichi unapita kalekale. Chotsatira inali nyumba.

N'chifukwa chake anazika zikhomo za msondodzi gombe lonse, zitaphuka n'kumazilera ngati ana. Mbuzi ikangoyandikira inkamva mawu osayenera kubwereza. Nthambi zanthetezo ndizo ankadalira: zibuma za ayezi zikafika, nthambi zimagona n'kuphimba dothi ngati mphasa, ayezi n'kutsetsereka pamwamba osakumba.

Ndiye Loweruka lina akuchokera kunkhuni, anapeza gombe lametedwa mpala. Zitsa zokhazokha!

"Antonina!"

Mkazi wake anatuluka manja ali mbuu ndi ufa. "Mukukuwa chiyani ngati nyumba yapsa?"

"Misondodzi yanga ili kuti?"

"Ku tchalitchi. Mawa ndi Lamulungu la Kanjedza, mwaiwala? Nanga kanjedza timutenga kuti kuno? Tazungulira mudzi wonse ndi azimayi anzanga, ina yonse sinaphuke ndi chisanuchi. Yanu yokha ndiyo inali ndi timaluwa tofewa tija. Ndikanawamana?"

"Yonse, mayi? Yonse?"

"Parishi ndi yaikulu, bambo. Imeranso."

"Imeranso liti? Tamverani uko!"

Ayezi anaphulika ngati mfuti pakati pa mtsinje. Antonina anangoti kukamwa yasa, kenaka anapukuta manja pa epuloni.

Kutacha Donats sanapite ku Misa. Anatulutsa zofunda ndi mbatata za mbewu n'kukaziika kumtunda. Mtsinje unali utanyamuka. Zibuma zina zazikulu kuposa denga zinkagundana, kukwerana, kenaka zinapanikizana pamalo pomwe mtsinje umakhota ndipo madzi anayamba kukwera. Mantha anamugwira Donats.

Anthu potuluka m'tchalitchi anadzera komweko kudzaonerera, aliyense atanyamula nthambi zodalitsidwa. Vitolds, mnansi wake wosadziwa nthawi yoseka, anamukwapula nazo pamsana monga mwa mwambo wa tsikulo. "Matenda atuluke, thanzi lilowe! Wajomba Misa iwe, wachikunja!"

"Ukundimenya ndi gombe langa, chitsiru iwe," anatero Donats osatembenuka.

Palibe anaseka. Chibuma china chinalunjika pometedwa paja, chinalowa m'dothi ngati khasu. Kanyumba kosambira kanapendekeka, kanachita ngati kakuganiza kaye, n'kugwera m'madzi. Mng'alu unathamanga m'bwalo mpaka pakhomo. Antonina analira mokweza, "Mayo ine, ndaigwetsa ndekha nyumba!"

Pamenepo pokhota paja panatseguka, ayezi anayenda, madzi anatsika. Gombe linatsala lofiira, mizu ya misondodzi ili pamtunda, itagwirabe dothi lotsalalo. Nyumba inali chiimire, koma sitepe ya pakhomo inkalendewera theka.

Antonina anapukuta misozi. Anayenda pakati pa anthu aja, kulanda nthambi m'manja mwa aliyense, ndipo palibe anakaniza, ngakhale Vitolds. Anatsetserekera m'matope ndi nsapato zake za ku tchalitchi n'kuyamba kuzibaya pansi mwaphuma.

Donats anamuyang'ana nthawi yaitali. Mkwiyo unalipo, koma chisoni chinaposa. Anatsika, nagwada pambali pake m'matope ozizirawo.

"Mukuzondotsa, mayi. Maso a nthambizo aziloza kumwamba."

"Zigwira?"

"Msondodzi sukana dothi. Koma mizu si ya lero."

Anabaya ina, n'kubayanso ina, osayang'anana. Kumtunda, komwe ayezi anali asanasweke, mtsinje unabuulanso.