Buku la Mayi Clarissa

Mabukuwo anafika ku Bundabunda m'katoni ya sopo, ndipo Dailes ndiye anawagawa kwa amayi a chigwirizano. Panalibe wotsutsa. Kwa zaka khumi ndi ziwiri iye ndiye ankamasulira maulaliki a Mayi Clarissa, mmishonale wa ku Ulaya, mpaka pamene mawondo anawabwezera kwawo. Tsopano Mayi Clarissa anali atalemba buku la mapemphero, tsiku lililonse tsamba lake, ndipo wina analiika m'Chinyanja.

Dailes sanaliwerenge. Zilembo zazing'ono zinamukana kalekale. Ankangosisita chikuto n'kumauza aliyense kuti mzungu uja ankadya naye mbale imodzi.

Lachinayi limenelo wowerenga anali Towela, amake Lushomo, mkazi wa Kondani, mwana wa Dailes.

"Mutu wa lero, Mulungu amakhululuka," anayamba Towela. "Tsiku lina tikuchokera kolalikira, mlongo wina amene sindimutchula dzina anandigwira dzanja. Iyeyu anali pakamwa panga, wondimasulira. Anandiuza akulira kuti mwana wake wamwamuna sanali wa mwamuna wake, amene nthawiyo ankagwira ntchito ku migodi..."

Towela analekera pomwepo.

Dailes anamva makutu akutentha. Dzina sanalitchuledi. Koma womasulira analipo mmodzi, ndipo mwana wake wamwamuna analinso mmodzi. Anakumbukira fumbi la njira ija, ndi mawu a Mayi Clarissa akuti zimenezi zatsala pakati pa iwe, ine ndi Mulungu. Yoramu, mwamuna wake, analowa m'manda osadziwa. Munda umene Kondani ankalima unali wa makolo a Yoramu, ndipo Matthias, mng'ono wa malemuyo, ankauyang'ana mousirira chaka ndi chaka.

"Pitilizani, amake Lushomo," anatero wapampando, Dainess, yemwenso anali mkazi wa Matthias. Chala chake chinali chitafika kale kumunsi kwa tsambalo.

"Apa sipaoneka bwino, amama. Inki inafufutika."

"Mwanga muoneka bwinobwino. Nikuthandizeni?"

Gogo wina kumbuyo anayambitsa nyimbo mokweza, molakwitsa mawu, ndipo amayi anaigwira ngati anthu amene akumira. Anaimba ndime zonse, n'kubwerezanso. Palibe amene anayang'ana Dailes. Kusamuyang'anako ndiye kunamupweteka koposa.

Atatuluka, Towela anamupeza kuseri kwa tchalitchi.

"Amama, titolere mabuku yonse, tishoke pamoto."

"Ni makumi anayi, mwana wanga. Yena yapita ku Kasisi, yena ku Chalimbana. Uzashoka na m'mitu mwa anthu?"

"Koma mzungu uja! Si munali kumukonda?"

"Nayenso anali kunikonda. Iye anaona phunziro labwino." Dailes anamanganso chitenje chake. "Kondani ali kuti?"

"Ku dimba."

Dainess anali atakwera kale njinga, akupalasa ngati wasiya mphika pamoto. Dailes anadutsa njira yachidule ya m'chimanga, ngakhale miyendo inkakana. Anapeza Kondani akuthirira ndiwo za repu ndi keni, thalauza atapinda m'mawondo, imvi zitayamba m'ndevu.

"Amama, lero mwakomboka msanga ku tchalitchi. Mulungu wamvera pafupi?"

"Ika keni pansi."

"Nitsirizeko mzere uyu."

"Ika pansi, Kondani. Khala apa. Nili na mawu, nifuna uyamvere kwa ine."

Kondani anamuyang'ana, kumwetulira kukuzilala. Anapukuta manja pa malaya, n'kukhala pa mzere wonyowawo.