Chifunga pa Galasi la Kireni

Galimoto iliyonse ikafika pa yadi pathu, yophwanyika pangozi kapena yongotopa ndi ukalamba, imayamba yadutsa m'manja mwanga isanadulidwe. Ine ntchito yanga n'kuikama. Oyilo mu mgolo wake, mafuta a mabuleki mu mgolo wake. Kenako ndimatsegula kathanki ka mawaipa, kulowetsa payipi, n'kupopa madzi abuluu otsukira galasi aja. Amenewo sititaya. Ndimawasefa pansalu n'kuwathira mu mgolo wa pakona, ndipo malole athu ndi kireni yomwe zimatsukira omwewo.

Tsoka lake, madziwo amanunkha sipiliti. Ndipo pa yadipo pali amuna amene mphuno ndiyo imawaganizira.

Anayambitsa ndi Wagasi, bambo wodula zitsulo ndi moto. Anauza anzake kuti chiphe chonse chili mu mtundu wabuluuwo. Ukasefa pa makala mpaka madzi ayere mbee, chotsalacho ndi mowa waulere. Ndinawapeza masana ena kuseri kwa mulu wa matayala, ali ndi chigubu chodula pakati, makala, ndi sokosi yakutha. Achimwene anga, oyendetsa kireni, anali pomwepo, kapu ili m'manja. Iwo omwewo amene anandipezera ntchitoyi.

Ndinathamanga kukatenga botolo lina lomwe ndinalipeza m'buti ya galimoto, likadali ndi pepala lake, n'kuwawerengera. Sipiliti wake si wakumwa, amapha maso, amapha munthu. Ndinawauza kuti makala angachotse mtundu, koma chiphecho chilibe mtundu. Wagasi anaseka mpaka kutsokomola, nati mtsikana wothawa sukulu panjira lero wasanduka dokotala. Achimwene anangoti ndibwerere ku mapayipi anga.

Ndinagula loko n'kukiya mgolowo. Kuyambira tsikulo dzina langa linasanduka Apolisi a Mgolo. Ndikamadutsa ankandimenyera sawasha ndi masipanala. M'mawa mwake ndinapeza loko ali pansi, atasungunuka mbali imodzi. Munthu wamkulu, ndevu zake zotuwa, kuyatsa moto wa gasi pakamwa pa mgolo wa sipiliti!

Ndinapita kwa akapitawo. Sanakweze n'komwe mutu. Anati zimene amuna akuluakulu amathira kukhosi kwawo si nkhani ya kampani, ndipo ngati mgolo ukuchepa ndikame magalimoto ambiri. Kunyumba nako achimwene anandikalipira pamaso pa alamu anga, amvekere ndawavula pagulu, ine mwana amene anandipukuta mamina ndi manja awo.

Ndiye kunabwera m'mawa uja. Lole yochokera kwina inali itaima pageti kudikira katundu. Achimwene anafika akugwira mutu, anasanza kuseri kwa ofesi, n'kukwera makwerero a kireni. Ananyamula chigoba cha galimoto, chinalendewera m'mwamba, kenako anaima. Anatulutsa mutu pawindo n'kundikuwira kuti ndikwere ndiwapukutire galasi.

Ndinakwera ndi botolo langa la madzi omwewo. Ndinapopera, kupukuta, galasi n'kuwala ngati latsopano.

"Pukuta bwino, waulesi iwe. Chifunga chonsechi sukuchiona?"

Kunja dzuwa linali phwee. Ndinalowa m'kachipinda kawo, ndinayang'ana pagalasi, ndipo ndinkaona ngakhale misomali ili pansi.

"Achimwene, lole ili pagetiyo ndi ya mtundu wanji?"

"Usandifunse ngati mwana."

"Ndi ya mtundu wanji?"

Anatsinzina, kutikita maso, n'kuyang'ana mbali imene kunalibe lole. Dzanja lawo linali pa chogwirira chotsitsira katundu. Pansi penipeni pa chigoba cholendeweracho, Wagasi anali atawerama, akudula chitseko, akuimba mluzu. Kunena zoona, mtima wina unandiuza kuti ndingosiya. Koma ndinazimitsa injini n'kuzula kiyi.

Achimwene anandigwira dzanja mpaka kundikanda, koma ndinapulumuka n'kutsika. Pansi akapitawo anali atafika kale, mitsempha ya m'khosi ili njo. Anati lole siidikira misala ya pabanja pathu, ndibweze kiyi pompano apo ayi ndinyamule chikwama changa. Ndinawauza kuti munthuyo sakuona, akufunika chipatala, atibwereke galimoto ya pa yadi. Anakana. Anati ndi matsire chabe, amwe madzi. Galimoto ya kampani ikakaima pachipatala mawa kubwera anthu odzafunsa mafunso.

Pamenepo mutu wanga unatentha. Ndinapita pa mgolo wabuluu uja, kutsegula, n'kuponyamo kiyi. Anamira, thubwi.

"Ali m'menemo, akapitawo. Muwauze a Wagasi asefe pa makala, ayera mbee, mumuona."

Wagasi anadzuka ndi nyundo m'manja, akutukwana mayi anga, amenenso ndi mayi a mnzake womwa naye. Koma asanandifike, onse anatembenukira kumwamba. Achimwene anali akutsika. Makwerero amene amawatsika tsiku ndi tsiku ndudu ili pakamwa, lero ankawafufuza ndi phazi, kupapasa m'malere, kubweza, kupapasanso. Atafika pansi anaima, manja ali patsogolo, akuitana dzina langa chakumene kunali matayala.

Palibe anasuntha. Amene anatithandiza ndi dalaivala wa lole uja, mlendo, wosatidziwa n'komwe. Anati atitengera kuchipatala pa lole yake, katundu adzatenga tsiku lina. Ndinatunga madziwo m'botolo kuti adokotala akaone, ndipo ndikudutsa ndinauza Wagasi kuti akwere nawo, popeza anamwera kapu imodzi ndi achimwene. Anandilavulira pafupi ndi phazi, nati iye ndi chitsulo.

Kuchipatala anati tikanachedwa pang'ono tikananyamula maliro. Diso lamanja linapita. Lamanzere linatsala likuona kachigawo chabe.

Ntchito inandithera tsiku lomwelo. Ndimamva kuti mgolo uja ulibe loko mpaka lero, ndipo akapitawo anauza woyendetsa kireni watsopano kuti mnzake anadwala shuga.

Achimwene sanandithokoze. Amauza aliyense wobwera kudzawazonda kuti pakamwa panga ndi pamene panathetsa ntchito ziwiri m'nyumba imodzi. Alamu amangondipatsa madzi osandiyang'ana.

Dzulo ndinapita kukawasiyira achimwene mankhwala a m'maso. Anali pampando m'chipinda chochezera, nkhope italoza kukhomo. Ndinaima pakhomopo osagogoda, osayankhula.

"Apolisi," anatero. "Choka pamenepo, ukunditchingira kuwala."

Sindinachoke msanga. Ndinasunthira kumanzere pang'ono, mutu wawo n'kunditsata.