Njinga Yamwa Madzi a Anita

Ine Dorika sindine munthu wa phokoso, koma tsiku limenelo mudzi wonse unandimva.

Kwathu kuno kwa Chapananga mjigo tili nawo, koma madzi ake ndi amchere, ngakhale mbuzi zimangonunkhiza n'kuchoka. Akumwa timakafukula mumchenga ku mtsinje wa Mwanza, ulendo woti pobwera khosi lili gwa. M'mawa umenewo ndinabwera ndi chigubu chimodzi, n'kuthira klorini, n'kutseka bwinobwino, chifukwa mwana wanga Anita anali akutsegula m'mimba kuyambira dzulo lake. Mayi Fyness, alangizi a zaumoyo, amatiphunzitsa kawirikawiri: madzi akumwa azikhala paokha, otsukira mbale azipita ku mpiru, m'manja tizisamba pa mpondagiya, kachigubu kopendeketsa ndi phazi kaja, kuti asatayike ambiri. Ine zonsezo ndimatsata. Amuna kumaphunziroko sapondako, akuti ndi za amayi.

Ndinangotuluka pang'ono kukapempha kwa aneba kapaketi ka mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi. Pobwera, mayo ine! A Kaitano, amuna anga, agwada pabwalo, sanza m'manja, akutsuka njinga yawo yamoto ya kabaza. Chigubu chagona cham'mbali, pansi pali matope okhaokha.

"Bambo a Anita, madzi amenewo mwawatenga kuti?"

"Makasitomala sakwera njinga yafumbi," anatero osatembenuka n'komwe. "Ukatunga ena."

Ukatunga ena! Ngati Mwanza ali kuseri kwa khola.

Nthawi yomweyo Mayi Fyness anatulukira kudzaona mwana. Analowa m'nyumba, anapeza Anita milomo itauma, anatuluka n'kugwedeza chigubu chija.

"Amayi, tinaphunzira chiyani kodi? Mwana ali chonchi, inu madzi mwamwaza?"

Apo ndiye mtima unandiwira. Wosenza ine, womvera ine, wokalipiridwa inenso! Ndinawagwira dzanja alangiziwo n'kuwakokera pa njinga paja.

"Phunzitsani awa! Ife mwatiphunzitsa mpaka makutu atopa. Mumasonkhanitsa osenza madzi, otaya madzi mumawasiya pa bawo. Wotaya madzi pakhomo pano ndi wandevuyu!"

A Kaitano anayamba kung'ung'udza kuti ndikuwachititsa manyazi pamaso pa alendo. Manyazi! Mwana akuuma m'nyumba, iwo akudandaula manyazi.

Ndiye Anita anaitana mkatimo, mawu ali pansipansi: "Ababa, madzi."

Ndinatenga kapu yake n'kuwapatsa a Kaitano m'manja.

"Waitana inu. Lowani mukamuuze amene wamwa madzi ake."

Anayang'ana kapu ija, anayang'ana matope pansi pa matayala. Sanalowe. Mayi Fyness anawalanda kapuyo n'kuthamangira kwa aneba kukapempha madzi abwino oti asungunulire mankhwala, ndipo Anita anamwa pang'onopang'ono atatsamira pa ine.

Panja ndinamva zigubu zikugundana. A Kaitano anali akuzimangirira pa njinga yawo yonyezimira ija. Anailiza, kenaka anaizimitsa, n'kubwera pakhomo mutu uli pansi.

"Mayi a Anita," anatero monong'ona kuti alendo asamve, "kodi ku Mwanzako mumafukula pati?"

Ndinawayang'ana, misozi ya mkwiyo ili mbwe. Chikwatirane akumwa, akusamba, akutsuka njinga, osadziwa kumene madziwo amachokera.

"Mukafunse amayi mukawapeze kumeneko," ndinatero. "Ndipo mukaime pamzere."