Ndinkamuthamangira Pambuyo ndi Gitala

Mlongo wanga amaimba bwino, ndipo wofuna kutsutsa abwere tikambirane. Ndikuti amaimba, koma zoona zake n'zakuti ankaimba. Papita zaka zisanu ndi chimodzi ndisanamumve akuimba, ndipo amene anamutseka pakamwa ndine mchimwene wake, wobadwa naye bere limodzi.

Ine ndine wometa. Ndili ndi kachipinda ka mpando umodzi, galasi lothetheka pakona, ndi gitala yopachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Mlongo wanga ndi telala, ndipo makina ake osokera ali mbali inayo ya khoma lomwelo. Khomalo ndi lopyapyala, moti tikafuna kuitanana timangogogoda. Kwathu timamutchula Kamphepo, chifukwa chibadwire sanayendepo pang'onopang'ono. Kudya n'kothamanga, kulankhula n'kothamanga, ngakhale kukwiya amakwiya msanga n'kuiwala msanga.

Poimba vuto lake linali lomwelo. Nyimbo ankaiyamba bwinobwino, koma ikayamba kumukoma ankaithamangitsa. Ndime yoyamba muli limodzi, yachiwiri wakusiyani phazi limodzi, pofika kumapeto inu mukungoona fumbi. Iye sankadziwa kuti amatero. Ine ndinkadziwa kuyambira ali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Chaka chimenecho aphunzitsi anamuchotsa m'kwaya ya kusukulu anzake onse akuona. Anafika kunyumba maso ali psuu, n'kukabisala kuseri kwa kabati, chakudya osachiyang'ana n'komwe. Ine ndinali nditangophunzira kumene kuliza gitala. Ndinakhala pansi pafupi ndi kabatiyo n'kuyamba kuliza nyimbo yomwe anamuchotserayo. Patapita kanthawi anayamba kuimba chapansipansi. Atathamanga, nanenso ndinathamangitsa zala. Atawonjezera liwiro, ndinamutsatira. Tinafika kumapeto limodzi ngati palibe chomwe chalakwika.

Anatulutsa mutu n'kufunsa kuti, "Achimwene, si ndaimba bwino?"

"Waimba bwino kwambiri," ndinatero. "Aphunzitsi aja alibe makutu."

Bodza limenelo ndinalilera zaka khumi ndi zinayi. Ndinaphunzira kapumidwe kake. Ndinadziwa kuti akakweza phewa lamanja ndiye kuti wanyamuka, ndipo ndinkanyamuka naye asanandisiye. Tinkaimba awiriwiri m'maukwati ndi m'maphwando, anthu n'kumati ana awa nyimbo ili m'magazi. Tsiku limene ndatsalira pambuyo, ankandiponyera diso laukali, ine n'kunena kuti, "Pepa, ndine ndachedwa." Sindinamuuzepo kuti wathamanga ndiye. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine khutu la mlongo wanga ndinkangolisisita, n'kumadzitama mumtima kuti ndine mchimwene wabwino.

Tsiku lina m'mawa khoma linagogodedwa mpaka galasi langa linagwedera. Ndinali ndi kasitomala pampando, mutu nditaumeta mbali imodzi. Ndisanayankhe, Kamphepo anali atalowa kale, kamwana kake ka zaka zitatu kali kumsana, pepala lili m'manja. Bandi ina yaikulu, yomwe inkaimba kuhotela Loweruka lililonse, inkafuna woimba wamkazi ndi woliza gitala. Ofuna mwayiwo anayenera kukayesedwa pakatha milungu iwiri.

"Achimwene, nthawi yathu yakwana," anatero. "Ine zosoka mayunifolomu a ana a eni zanditopetsa."

Milungu iwiri ija ndinali ndi mpata wokwanira womuuza. Tsiku lililonse masana tinkatseka zitseko n'kuyeserera, ndipo tsiku lililonse phewa lija linkakwera, ine n'kumalitsatira. Kamodzi ndinalimba mtima. Ndinaika gitala pansi n'kunena kuti, "Kamphepo, pali kanthu kena." Anandiyang'ana akumwetulira, atagwira diresi yobiriwira yomwe ankadzisokera kuti akavale tsikulo. Ndinati, "Diresiyo yatalika pang'ono." Ndine wamantha, palibe dzina lina. Ndinkadzinamiza kuti popeza tikaimba limodzi monga mwa masiku onse, palibe amene adzadziwe.

Malo oyesera anali chipinda chosungiramo katundu kuseri kwa sitolo ya matailosi. Makoma anali atakhomedwa mathireyi a mazira kuti phokoso lisamatuluke, ndipo panja panali benchi lalitali lodzaza anthu otuluka thukuta m'manja. Mkulu wa bandiyo anali bambo wamfupi amene aliyense ankamutchula kuti a Chipewa, chifukwa panalibe munthu amene anawaonapo atavula chipewa.

Anayamba ndi ife a magitala. Ndinalowa, ndinaliza nyimbo ziwiri pamodzi ndi bandi, ndipo ndinatuluka ndikuona ngati zayenda. Kenako anayamba kuitana oimba. Atatchula Kamphepo ndinanyamuka naye, gitala ili m'manja, koma a Chipewa anandiimitsa pakhomo ndi chala chimodzi pachifuwa.

"Inu mwamaliza, akulu. Woimba amaimba ndi bandi yathu, osati ya kwawo."

Ndinazungulira kumbali n'kukaima pawindo la zitsulo, pomwe ndinkaona zonse. Pa ng'oma panali mayi wina wojintcha amene ankatafuna chingamu osayang'ana munthu. Mayi ameneyo ankamenya ng'oma ngati wotchi ya pakhoma. Kaya wina akomoke patsogolo pake, iye sakanasintha liwiro.

Kamphepo atatsegula pakamwa, amuna amene ankatsitsa matailosi m'galimoto anaima, makatoni ali m'manja. A Chipewa anadzutsa mutu. Ndime yoyamba inadutsa bwino moti misozi inalengeza m'maso mwanga. Kenako phewa lamanja linakwera. Zala zanga zinayamba kuthamanga zokha pazitsulo za windo, koma mkatimo munalibe womutsatira. Anamaliza mzere wake ng'oma zikadali kumbuyo, n'kuima kudikira, n'kumuponyera mayi uja diso lomwe ankandiponyera ine. Mayiyo anangopitiriza kutafuna chingamu. Kamphepo anayambiranso, zinachitika chimodzimodzi. Kachitatu woliza gitala ya besi anayang'ana pansi kubisa kuseka.

A Chipewa anakanda chibwano, kenako anandiona pawindo paja.

"Achimwene ake, talowani. Imbani nyimbo yomweyo awiriwiri, ena nonse khalani chete."

Tinaimba, ndipo inatuluka yosalala, yopanda potsalira. Kamphepo anayang'ana mayi wa ng'oma uja monyadira, ngati akuti mwaonatu wolakwa ndani. Koma a Chipewa sankayang'ana iye. Ankayang'ana zala zanga, ndipo anaziyang'ana nthawi yaitali. Pomaliza anangoti, "Zikomo. Tikudziwitsani."

Ulendo wonse wobwerera Kamphepo ankanyoza ng'oma zija. Ankati bandi yotchuka chonchi ikusunga bwanji munthu wogona pantchito. Ine ndinkangoti eya, eya.

Patapita masiku atatu, masana dzuwa likuswa mtengo, a Chipewa analowa m'kachipinda kanga n'kukhala pampando. Anavula chipewa chija. M'mutu munalibe chometa kupatula katsitsi kozungulira m'mbali, koma ndinawafunditsa nsalu n'kuyamba ntchito. Kuseri kwa khoma makina a mlongo wanga ankalira monga mwa nthawi zonse.

"Sindikonda kukana munthu pafoni," anatero akundiyang'ana pagalasi. "Inu sitikutengani."

Ndinafunsa chomwe ndinalakwitsa.

"Zala muli nazo, makutu muli nawo opitirira muyeso. Koma mulibe liwiro lanulanu. Pa nyimbo yachiwiri ndinamutsinzinira wa besi kuti athamange dala. Timatero ndi aliyense. Anzanu ena anaima nji, n'kumubweza. Inu munamutsatira ngati mbuzi ya pachingwe. Bandi ikakhala ndi munthu wotero, mmodzi akasochera onse amakagwera kuphompho."

Ndinapitiriza kumeta. Ndinkaganiza kuti amaliza.

"Za mlongo wanu ndiye zikundiwawa," anapitiriza. "Mawu ngati amene aja ndatha zaka makumi awiri ndisanawamve. Koma amathamanga, ndipo sadziwa kuti amathamanga. Inu mumadziwa. Ndinaona mmene mumanyamukira iye asananyamuke. Zimenezo munthu saphunzira mwezi umodzi. Mwakhala mukumubisira kwa zaka zingati?"

"Khumi ndi zinayi," ndinayankha.

Anapukusa mutu. "M'mera mpoyamba, akulu. Akanauzidwa ali mwana, miyezi itatu yokha akanawongoka. Pano zalowa m'mafupa, ndipo ine ndilibe nthawi yolera munthu wamkulu. Simunamuthandize. Mwawononga oimba awiri ndi gitala imodzi."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti kuseri kwa khoma kuli zii. Sindikudziwa kuti makina aja anasiya kulira nthawi yanji.

A Chipewa atavala chipewa chawo n'kutuluka, Kamphepo analowa, tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinkayembekezera kuti akalipa mpaka msewu wonse umve, kenako madzulo aiwala. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa mkwiyo. Anatseka chitseko, anachotsa gitala pamsomali n'kundipatsa.

"Lizani nyimbo ija. Musanditsate. Mukanditsata ndidziwa."

Ndinaliza ndikuponda phazi pansi kuti ndisasunthe. Zinali zovuta kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa zala zinkafuna kumuthamangira zokha. Pa ndime yachiwiri anandisiya. Anamaliza mzere n'kumva gitala ikubwera pambuyo pake, yokha, pang'onopang'ono. Nkhope yake inasintha. Anati tiyambirenso. Tinayambiranso kanayi, ndipo kanayi konse anafika yekha kumapeto.

Anakhala pampando wometera uja n'kufunsa kuti, "Munayamba liti?"

"Tsiku la kuseri kwa kabati."

"Ndiye kuti aphunzitsi aja makutu anali nawo."

Ndinaika gitala pansi.

"Ndipo mumandipepesa," anatero. "Ine ndathamanga, inu n'kumati pepa. Ndakhala ndikukukalipirani pamaso pa anthu, inu muli phee. Tsiku lija ndinamunyoza mayi wosalakwa njira yonse, inu n'kumati eya."

Ndinamuuza kuti ndinkaopa kumuonanso ali kuseri kwa kabati. Ndinati sizinathe, tikhoza kuyamba mawa lomwe, tsiku lililonse ola limodzi, ine ndiziliza mosasuntha mpaka azolowere. Ndinalonjeza kuti ulendo uno ndizimuuza zoona.

Anandifunsa kuti, "Nanga tsiku limene mudzati zili bwino, ndidzadziwa bwanji?"

Anatuluka, ndipo posakhalitsa makina anayambanso kulira. Diresi yobiriwira ija anaipatsa mnzake wina. Maukwati awiri amene tinali titalonjeza kukaimba anawakana. Sanadane nane, ayi. Timadyera limodzi, amandisokera malaya, ndikadwala amabwera kudzandiona. Koma ngakhale akutsuka mbale saimba. Ine ndinayesa kukayesedwa ku mabandi ena awiri, ndipo konse anandiuza zofanana ndi za a Chipewa. Gitala inabwerera pamsomali.

Mwana wake uja tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Akaweruka kusukulu amafikira kwa mayi ake, akatopa n'kubwera kwa ine kudzazungulira pampando. Mwezi watha, kulibe makasitomala, anayamba kuimba kanyimbo ka kusukulu akudziyang'ana pagalasi. Mawu ake ndi a mayi ake enieni.

"Amalume, tandilizirani," anatero akuloza gitala.

Ndinaitsitsa, ndinapukuta fumbi, ndinakonza nsambo. Ndinadziuza kuti ulendo uno ndiima nji. Ndime yoyamba tinayenda limodzi. Pa yachiwiri kaphewa kake kamanja kanakwera. Ndikulumbira kuti sindinafune, koma pamene ndinkazindikira n'kuti zala zanga zili kale pambuyo pake, zikuthamanga. Tinafika kumapeto limodzi.

"Amalume, si ndaimba bwino?"

Ndisanatsegule pakamwa, chitseko chinatseguka. Kamphepo anaima pakhomo, sizasi ili m'manja. Sanandikalipire. Anamugwira mwanayo padzanja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, uyu musamulizire gitala. Uyu ndimuuza ndekha."

Kuyambira tsiku limenelo, masana aliwonse makina amaima kwa theka la ola. Ndimamva sizasi ikugogoda patebulo mosasintha liwiro, mwana akuimba, ndi mayi ake akuti, "Wathamanga, yambiranso." Masiku ena mwanayo amalira, koma sizasi siisiya kugogoda. Ine ndimakhala mbali ino ya khoma n'kumatchera khutu, kudikira kuti mwina Kamphepo aiwala n'kumuimbira mwanayo mzere umodzi womusonyeza. Mpaka pano sanaimbepo.